Kunyowa, kuzizidwa ndi kulemedwa paphiri: kukonza vuto la zovala osaboola m'thumba

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi ulendo uliwonse. Mwanyamuka m'mamawa kukuzizira, mwavala sikipa, juzi, ndi jekete pamwamba. Musanakwere chitunda kwa mphindi 20, thukuta lili kamukamu. Simukuima kuti muvule chifukwa anzanu akupitirira. Patapita maola atatu mwafika pamwamba, mwatula chikwama, mwakhala pamwala kuti mupume. Kamphepo kakuombani kumsana konyowa kuja, ndipo mphindi zisanu zisanathe mano ayamba kugundana. Potsika, m'ntchafu mwasupuka, kuchidendene kwatuluka thuza, ndipo m'chikwama muli zovala zina zitatu zimene mwazisenza tsiku lonse koma simunazikhudze n'komwe.

Ambiri zikawachitikira zimenezi amati vuto ndi ndalama, kuti akanakhala ndi zovala za mayina otchuka zija sakanavutika. Ine ndimakana. Ndayenda ndi anthu ovala zodula amene ananyowa ndi kuzizidwa chimodzimodzi, ndipo ndayendanso ndi ena ovala zovala zamasewera zotsika mtengo amene anafika ali bwinobwino. Chimene chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi madzi: thukuta lochokera m'thupi ndi mvula yochokera kumwamba. Chovala chilichonse chimene mukufuna kugula muzichifunsa funso limodzi, lakuti chikanyowa chimatani.

Chifukwa chake madzi ndiwo mutu wa nkhani

Chovala pachokha sichitenthetsa munthu. Kutentha kumachokera m'thupi, ndipo ntchito ya nsalu ndi kusunga mpweya pafupi ndi khungu kuti kutenthako kusathawe. Madzi akalowa m'malo mwa mpweya uja, chitetezo chatha, chifukwa madzi amachotsa kutentha mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Mphepo ikawonjezera, madzi aja amauma potenga kutentha kwa thupi lanu lomwe.

Mu March 1964, pa mpikisano woyenda wapansi wa Four Inns ku Peak District ku England, anyamata atatu a gulu la Scouts anamwalira ndi kuzizira. Sikunali kuzizira koundanitsa madzi ayi. Kwenikweni kunali mvula ndi mphepo yamphamvu. Dokotala Griffith Pugh, yemwe anali katswiri wa za thupi pa ulendo wokwera phiri la Everest mu 1953, anafufuza nkhaniyi poyesa zovala zofanana ndi zimene oyendawo anavala. Anapeza kuti zovalazo zikanyowa, munthu n'kumayenda pamphepo, mphamvu yake yosunga kutentha imatsala yochepa kwambiri. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamalongedza chikwama, chifukwa nyengo imene inapha anyamatawo ndi nyengo wamba imene aliyense wokwera phiri amakumana nayo.

Kumsana kwanyowa ndipo sikukuuma

Pano wolakwa nthawi zambiri ndi chovala chogunda khungu, ndipo mukayang'ana kansalu kolembedwa kamene amasokera mkati, chapakhosi kapena m'mbali, mupeza kuti ndi thonje. Thonje limamwa madzi mpaka mkati mwa ulusi weniweniwo, n'kuwasunga. Ngakhale likuoneka louma limakhala ndi chinyontho cha pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwake. Nayiloni imasunga pafupifupi 4 peresenti, pomwe poliyesita sifika n'komwe 1 peresenti. Pa poliyesita thukuta limangoyenda pamwamba pa ulusi, n'kufalikira, n'kuuma.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa mmene ambiri amaganizira. Sikipa yosewerera mpira kapena yothamangira, yolembedwa kuti poliyesita 100 peresenti, imagwira ntchito yofanana ndi sikipa yodula yolembedwa kuti ndi yokwerera mapiri. Nsalu yake ndi imodzimodzi. Kusiyana kumakhala pa kasokedwe ndi pa dzina basi.

Powerenga kansalu kaja, samalani ndi mawu awa. Viscose, rayon ndi nsalu zambiri zimene amati n'za nsungwi zimamveka zofewa ndi zoziziritsa m'manja, koma zimamwa madzi kuposa thonje lomwe. Nsalu yosakaniza thonje ndi poliyesita theka ndi theka imauma msanga poyerekeza ndi thonje lokha, komabe si yoidalira kumalo ozizira. Elastane, imene ena amaitcha spandex kapena Lycra, ikakhala yochepa imathandiza kuti chovala chizitamuka, koma ikachuluka chovalacho chimachedwa kuuma.

Ngati kansalu kaja kanadulidwa, dontheza madzi pang'ono mkati mwa chovalacho. Akafalikira msanga n'kupanga bwalo lalikulu lopyapyala, kawirikawiri ndi nsalu yabwino. Kuyesa kwina kumene sikunama ndi kuchapa masikipa awiri, kuwafinya mofanana, n'kuwayanika pachingwe chimodzi. Imene yayamba kuuma ndiyo ipite kuphiri.

Nanga ubweya wa nkhosa? Uwu ndi wabwino mwa njira ina. Umatha kumwa chinyontho chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa pakhungu, ndipo sununkha msanga. Ubweya wa nkhosa za merino ndi wosalala kwambiri, kukhuthala kwa ulusi wake kumakhala mamayikironi osapitirira 24 (mayikironi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), n'chifukwa chake suyabwa ngati juzi yaubweya wamba. Komatu ndi wodula, umachedwa kuuma kuposa poliyesita, ndipo umabooka msanga pamene malamba a chikwama amakhuza. Kwa munthu amene akuwerengera ndalama, sikipa ya merino si chinthu choyamba kugula.

Ndisanachoke pa thonje ndinene chilungamo. Kumalo otentha kwambiri ndi ouma, kumene usiku simukagona kunja, malaya athonje otakasuka amathandiza, popeza kunyowa kwakeko kumaziziritsa thupi. Vuto limabwera pamene ulendo ukukwera kumtunda, kapena kuli mphepo, kapena dzuwa likakulowerani panjira.

Poyenda kutentha, poima kuzizira

Ili si vuto la nsalu lokha, ndi la kavalidwe. Munthu akamakwera chitunda atasenza katundu, thupi limapanga kutentha kochuluka kangapo kuposa akakhala pansi. Ndiye chovala chimodzi chokhuthala sichingakwanire nthawi ziwiri zonsezi. Jekete lolemera limakuphikani pokwera, mukalivula mumatsala ndi sikipa yokha. Pakati palibe.

Njira yake ndi kusanjikiza zovala zopyapyala zitatu, chilichonse ndi ntchito yake. Chamkati chichotse thukuta pakhungu. Chapakati chisunge mpweya wofunda. Chakunja chitchinge mphepo ndi mvula.

Chapakati chabwino ndi chotsika mtengo ndi juzi ya fleece. Nsalu imeneyi ndi poliyesita yopalidwa kuti ichite ubweya, ndipo inayamba kutchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuchokera ku kampani ya Malden Mills ya ku Massachusetts ku America. Lero imapangidwa paliponse, ndipo yotsika mtengo imafunda pafupifupi mofanana ndi yodula. Kukhuthala kwake amakuyeza ndi manambala 100, 200 ndi 300. Yoyenda nayo ndi ya 100, yopyapyala ija. Ya 300 ndi yofunda ndithu, koma imadzaza theka la chikwama ndipo simungakwere nayo chitunda osasamba thukuta. Sankhani yokhala ndi zipi yapakhosi kuti muzitha kutsegula mukatenthedwa.

Fleece ili ndi chofooka chimodzi chachikulu: mphepo imangodutsa ngati palibe kanthu. Anthu ambiri amene amadandaula kuti juzi yawo sifunda, vuto lawo lili pamenepa. Musagule juzi ina. Valani pamwamba pake kajekete kopyapyala ka nayiloni kotchinga mphepo, konga kamene othamanga amavala. Kambiri ka mtundu umenewu kamalemera magalamu 100 mpaka 200, kamapindika n'kukwana m'dzanja, koma kusintha kumene kamabweretsa n'kodabwitsa.

Tsono za kavalidwe, ndipo izi n'zaulere. Nyamukani mukumva kazizira pang'ono. Ngati mukumva kufunda bwinobwino muli chiimire poyambira ulendo, mwavala zambiri. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, imani muchotse chimene chachuluka thukuta lisanayambe, ngakhale anzanu adikire. Mukafika popumira, valani juzi nthawi yomweyo musanayambe kumva kuzizira, osati mutayamba kale kunjenjemera. Kusunga kutentha kumene muli nako n'kosavuta kusiyana ndi kukubweza kutathawa.

Kumbukiraninso kuti nyengo ya m'munsi si ya pamwamba. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi pafupifupi madigiri 6.5. Mukayamba pa madigiri 22 n'kukwera mamita 1,500, pamwamba mukapeza madigiri 12 kapena kucheperapo, mphepo musanaiwerengere. Kachipewa kofunda ka fleece kapena ka acrylic (ulusi wopanga wonga ubweya) ndi timagolovesi topyapyala n'zopepuka kwambiri, koma zimathandiza kuposa kulemera kwake. Zoti theka la kutentha kwa thupi limathawira kumutu si zoona, ndi pafupifupi 10 peresenti chabe. Chimene chilipo n'chakuti mutu ndi manja ndi zimene timakonda kuzisiya pamtunda pomwe thupi lonse lavala.

Jekete la mvula likundinyowetsa

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri. Ine ndinatayapo jekete labwinobwino poganiza kuti likudontha, n'kugula lina, n'kunyowanso chimodzimodzi. Madzi amene ankandinyowetsa sanali a mvula. Linali thukuta langa lomwe likulephera kutuluka.

Choncho musanaweruze jekete, fufuzani kaye. Valani sikipa yotuwa, imene imaonetsa msanga pamene panyowa, kenako jekete pamwamba, mutseke zipi zonse, muime pansi pa shawa kapena wina akuthireni madzi ndi paipi kwa mphindi zisanu. Imani chiimire, musadumphedumphe. Mukavula, yang'anani sikipa ija.

Ngati yauma, jekete lilibe mlandu. Paphiri munanyowa ndi thukuta. Ngakhale nsalu zotulutsa nthunzi monga Gore-Tex, imene maziko ake anawatulukira Bob Gore mu 1969, zili ndi malire. Zili ndi timabowo tating'ono kwambiri tosalola dontho la madzi kulowa koma tolola nthunzi kutuluka. Munthu wokwera chitunda amapanga nthunzi yochuluka kuposa imene timabowoto tingatulutse, makamaka kunja kukakhala chinyontho chambiri. Chochita ndi kuchepetsa zovala zamkati musanavale jekete, kuchepetsa liwiro, kumasula m'mikono ndi m'munsi, ndi kutsegula zipi za m'khwapa ngati zilipo. Pogula, jekete lotakasuka lokhala ndi zipi za m'khwapa limaposa lothina lodula.

Ngati panyowa motsata mizere, pamapewa kapena kuzungulira chipewa cha jeketelo, ndi misoko. Singano ikamasoka imasiya mabowo, ndipo jekete lenileni la mvula limakhala ndi tepi yomata mkati pa msoko uliwonse. Tembenuzani jekete muone. Ngati tepi yamatuka pang'ono, pali guluu womatira misoko ya matenti ndi majekete amene amakonza zimenezi. Ngati tepi mulibemo ngakhale pang'ono, jeketelo ndi lotchinga mphepo ndi mvula yowaza chabe, silinapangidwire mvula yeniyeni. Ichi ndicho choyamba kuyang'ana pogula jekete lotsika mtengo, musanayang'ane n'komwe mtundu wake.

Ngati nsalu yakunja ikumwa madzi n'kuda, kulemera ndi kumata pathupi, koma mkati simunadonthe, ndiye kuti mankhwala akunja othamangitsa madzi, amene amalembedwa kuti DWR, atha mphamvu. Jekete latsopano madzi amapanga timadontho n'kugubuduka. Litsiro, mafuta a m'thupi ndi kukhuzika zimapha mphamvu imeneyi, ndipo nsalu yakunja ikakhuta madzi nthunzi ya mkati imasowa potulukira. Ambiri amaopa kuchapa jekete la mvula poganiza kuti liwonongeka, chonsecho litsiro ndilo limaliwononga. Lichapeni ndi sopo wamadzi wosalimba, mulitsukuluze kawiri, ndipo musathire mankhwala ofewetsa zovala. Likauma, kutentha pang'ono kumadzutsa mankhwala aja: makina oumitsira zovala pa moto wochepa kwa mphindi 20, kapena ayironi yofunda pang'ono mutayala kansalu pamwamba, bola malangizo a pachovalacho akulola. Zikakanika, pali mankhwala opopera obwezeretsa DWR, otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi jekete latsopano.

Koma mukaona mkati mukusuwa tizidutswa toyera ngati mfundu, kapena mukunanda ndi kutulutsa kafungo, nsalu yotchinga madzi yafa. Zimenezi sizikonzeka. Lisungeni ngati lotchinga mphepo. Ndipo pogula jekete la kaunjika, ichi ndi chimene muyenera kufufuza kwambiri, makamaka pakhosi ndi pamapewa pamene pamayambira.

Pa majekete ena mupeza nambala monga 5,000 mm, 10,000 mm kapena 20,000 mm. Imatanthauza kutalika kwa madzi amene angaimikidwe pamwamba pa nsaluyo asanayambe kudutsa. Kwa woyenda ndi chikwama, 10,000 ndi poyambira pabwino, popeza malamba amakanikiza madzi pamapewa. Ngati ndalama sizikufika pamenepo, poncho ya nayiloni, chinsalu chotakasuka chokhala ndi bowo lolowetsapo mutu, ndi yankho labwino ndithu. Imaphimba inu ndi chikwama chomwe, mpweya umalowa m'munsi, ndipo ndi yopepuka. Imangovuta pamtunda pa mphepo yamphamvu ndi pokwera miyala, pomwe imakupiza n'kukubisirani popondapo. Panjira yotakasuka yopanda mphepo, ngakhale ambulera yaing'ono imagwira ntchito, ndipo thukuta simulimva.

Matuza kumapazi

Thuza limafuna zinthu zitatu: kukhuzika, chinyontho ndi kutentha. Masokosi athonje amabweretsa zonse zitatu, chifukwa akanyowa amakwinyika n'kumata pakhungu lofewa. Ngati pali chovala chimodzi chimene ndingakuuzeni kuti musaumire, ndi masokosi. Gulani aubweya wosakaniza ndi nayiloni, kapena opanda thonje konse, okwana bwino phazi osasiya khwinya, ndipo msoko wa kuzala ukhale wosalala. Mapeya awiri akukwana: ina kuphazi, ina ikuuma kunja kwa chikwama.

Matuza akapitirira ngakhale mwasintha masokosi, yesani kuvala sokosi yopyapyala kwambiri ya nayiloni mkati mwa yokhuthala, kuti kukhuzikako kuzichitika pakati pa masokosi awiriwo osati pakhungu. Onaninso pamene thuza likutulukira. Kuchidendene, ndiye kuti phazi likukwera ndi kutsika m'nsapato, mangani zingwe molimba chapakakolo. Kunsonga kwa zala potsika phiri, nsapato ndi yaing'ono kapena phazi likutsetserekera kutsogolo. Mapazi amatupa mukayenda maola ambiri, ndiye nsapato muziyesa madzulo mutavala masokosi amene mudzayende nawo. Ndipo mukangomva pena pakutentha, imani pomwepo mumate pulasitala. Mphindi zitatu zimenezo zimapulumutsa masiku atatu otsimphina.

Kusupuka m'ntchafu, m'khwapa ndi m'chiuno

Anthu sakonda kuikamba nkhani imeneyi, koma yabweza ambiri panjira. Gwero lake ndi chovala chamkati chathonje chonyowa, misoko yokhuthala, ndi mchere wa thukuta umene ukauma umakhala ngati mchenga. Kabudula wothina wa poliyesita kapena nayiloni, wofika pakati pa ntchafu, wonga wa okwera njinga koma wopanda chinkhupule, amathetsa vutoli kwa anthu ambiri. Pakani Vaseline pamalo amene mumadziwa musananyamuke, osati patasupuka kale. Amayi asankhe bra yamasewera yopanda waya ndi yopanda zingowe kumsana, popeza chikwama chimazikanikizira pakhungu. Sikipa yokhala ndi msoko pamwamba penipeni pa phewa imapweteka pansi pa lamba wa chikwama. Ikavuta, ivaleni chotembenuza kuti msoko ukhale kunja.

Thalauza la jinzi lisiyeni kunyumba. Ndi lolemera, misoko yake ndi yokhuthala, ndipo likanyowa limatha tsiku lonse lisanaume. Thalauza lopyapyala la nayiloni kapena lamasewera la poliyesita nthawi zambiri sililemera n'komwe theka la jinzi. Kumene kuli udzu wautali, lalitali ndi labwino kuposa kabudula chifukwa cha minga ndi nkhupakupa. Pisirani miyendo yake m'masokosi, ndipo likakhala lowala nkhupakupa imaoneka isanafike pakhungu.

Sikipa ikununkha ngakhale yachapidwa

Uwu ndiwo mtengo wa poliyesita. Paja walira mvula walira matope. Ulusi wake umakana madzi koma umakonda mafuta a m'thupi, ndipo mabakiteriya obweretsa fungo amakula pamenepo. Ofufuza a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anaonetsa mu 2014 kuti masikipa a poliyesita amanunkha kuposa athonje anthu akachita masewera olimbitsa thupi, ndipo anapeza mabakiteriya a mtundu wa Micrococcus ochuluka pa poliyesita. Musaisiye sikipa yonyowa m'chikwama mukafika kunyumba. Iviikeni kwa theka la ola m'madzi othira viniga woyera pang'ono, kenako muichape chotembenuza n'kuiyanika poyera. Mankhwala ofewetsa zovala asayandikire: amakuta ulusi, kutsekera fungo mkati ndi kupha mphamvu yoyendetsa thukuta.

Chikwama chikulemera koma sindikudziwa chochotsa

Kupepuka kwenikweni sikugulidwa m'sitolo, kumabwera posiya zinthu. Tengani sikelo ya kukhitchini, muyeze chovala chilichonse, mulembe magalamu ake papepala. Manja amanama, sikelo sinama. Mukabwera ku ulendo, yalani zonse pansi muzipatule pawiri: zimene mwavala ndi zimene simunazikhudze. Zosakhudzidwazo ulendo wotsatira zitsale, kupatula jekete la mvula, juzi ndi kachipewa kofunda. Zitatu zimenezi zimapita nthawi zonse ngakhale kumwamba kuli mbee.

Pa ulendo wa masiku angapo simufunika sikipa ya tsiku lililonse. Mufunika zovala zamitundu iwiri: zoyendera ndi zogonera. Zogonera, kutanthauza sikipa ya manja aatali, thalauza lopyapyala ndi masokosi, muzikulunge m'jumbo yosabooka ndipo musayende nazo zivute zitani. M'mawa valaninso zoyendera zija ngakhale zili ndi chinyontho. Mphindi zoyamba zimakhala zowawa, sindikubisirani, koma thupi limaziumitsa mukayamba kuyenda, ndipo madzulo mumakhala ndi chouma chovala. Amene amavala zogonera m'mawa chifukwa choopa kuzizira amafika madzulo zonse zitanyowa.

Jekete la nthenga za abakha kapena atsekwe limafunda kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, n'chifukwa chake limakopa. Koma nthenga zikanyowa zimaphwa n'kusiya kufunda, ndipo zimachedwa kuuma. Kumalo a mvula ndi nkhungu, jekete lodzazidwa ulusi wa poliyesita ndi lodalirika ndiponso lotsikirapo mtengo.

Poumitsa zovala pamoto samalani. Poliyesita ndi nayiloni zimasungunuka, ndipo kambaliwali kamodzi kamaboola jekete. Ziyanikeni patali, pamene dzanja lanu lingapirire kutenthako kwa nthawi yaitali.

Dzuwa likundiwotcha ngakhale ndavala

Kumtunda cheza cha dzuwa chowotcha khungu, chotchedwa UV, chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse, ndipo mphepo yozizira imabisa kupsako mpaka madzulo. Sikipa yoyera yathonje yopyapyala imatchinga pang'ono chabe, ndipo ikanyowa imachepanso mphamvu. Zovala zolembedwa UPF 50 zimalola gawo limodzi mwa magawo 50 a chezacho kudutsa, koma simukakamizidwa kugula zimenezo. Kwezani nsalu kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa kwambiri, chezanso chikudutsa. Malaya a manja aatali a poliyesita yolukidwa mothithikana, okhala ndi kolala, pamodzi ndi chipewa cha mlomo waukulu, n'zokwanira.

Ndalama zili zochepa, ndiyambire pati?

Mu 1955, mayi wina wa ku Ohio dzina lake Emma Gatewood, ali ndi zaka 67, anayenda yekha njira yonse ya Appalachian Trail ku America, mtunda woposa makilomita 3,000. Anavala nsapato wamba zansalu za Keds, anasenza thumba losoka yekha, ndipo mwa zimene anatenga munali bulangeti la asilikali ndi katani ya pulasitiki ya m'bafa yodzitchinjirizira mvula. Sindikunena kuti mutengere zonsezo, popeza anavutika nazo ndithu. Koma zikuonetsa kuti chimene chimayendetsa munthu si dzina losokedwa pachifuwa.

Yambani m'kabati mwanu. Zovala zamasewera zimene muli nazo kale zikhoza kukupatsani sikipa ndi thalauza. Ndalama zoyamba zipite ku masokosi, zachiwiri ku jekete la mvula la misoko yomatidwa. Fleece ndi thalauza la nayiloni n'zabwino kugula za kaunjika chifukwa sizitha msanga: yesani zipi kangapo, kwezani nsalu kukuwala muone pamene yapyapyala, ndipo njutani kapena kwezani bondo mutavala kuti muone ngati thalauza likulolani kukwera mwala. Zovala zamkati ndi masokosi gulani zatsopano.

Chenjerani ndi zopepuka mopyola muyeso. Kukula kwa ulusi amakuyeza ndi denier, yolembedwa D. Nsalu ya 10D ndi yopepuka modabwitsa, koma munga umodzi umaing'amba, ndipo kawirikawiri ndi yodula. Ya pakati pa 30D ndi 70D imapirira tchire ndi miyala. Mukaona timabokosi tating'ono m'kalukidwe ka nsalu, imeneyo ndi ripstop, yokhala ndi ulusi wolimba umene umaletsa kung'ambika kupitirira. Pakang'ambika, kachidutswa ka tepi yolimba kodulidwa mozungulira m'makona, komatidwa mbali zonse ziwiri, kamagwira kwa nthawi yaitali. Kulungani tepi pang'ono pa botolo la madzi, muikenso singano ndi ulusi m'kathumba ka mankhwala.

Chovala chatsopano chisakaonekere koyamba paphiri. Chivaleni pafupi ndi kwanu, mutasenza chikwama chodzaza, kwa maola awiri, ndipo tsiku lina mutuluke dala kukugwa mvula. Msoko wopweteka ndi jekete lodontha zidziwike muli pamalo oti mukhoza kubwerera.

Zikafika poipa: mnzanu wanyowa ndipo akunjenjemera

Kutentha kwa mkati mwa thupi kumakhala pafupifupi madigiri 37. Kukatsika pansi pa 35, moyo uli pangozi. Wodwalayo kawirikawiri sazindikira, ndiye ndi udindo wa anzake kuona. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosaletseka, kupunthwapunthwa, kulephera kutseka zipi kapena kumanga zingwe za nsapato, kulankhula mokoka lilime, ndi kusokonekera kapena kungokhala chete mosazolowereka. Munthu akasiya kunjenjemera chonsecho sanafunde, zafika poopsa kwambiri.

Musamukakamize kupitiriza ulendo kuti afunde. Pezani pobisalira mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma za m'jumbo zija, juzi, chipewa, ndi jekete la mvula pamwamba kuti litseke mphepo. Asakhale pamwala kapena pansi popanda kanthu, muyalireni chikwama. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni chakumwa chofunda chotsekemera. Mowa ayi, ndipo musamutikite manja ndi miyendo. Ngati wasokonekera kapena akusinza, mugonekeni mosamala osamugwedeza, mumufunditse mbali zonse, ndipo itanani thandizo nthawi yomweyo.